Chithunzi cha pa Khola la aPotiphar

Al Warqa, Dubai
8 Meyi 2020

Achimwene Kingston,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji pamodzi ndi alamu anga aKhumbo? Nanga amayi, chifuwa chija chinasiya? Musandibisire. Chimvereni kuti korona yafika ku Lilongwe mtima wanga sukukhala malo amodzi. Amayi asapite kumaliro, ngakhale apafupi. Inunso mukapita ku Mitundu muzimanga kansalu kukamwa, ndipo musamapereke chanza kwa aliyense, ngakhale akuneneni kuti mwayamba matama.

Kuno ndili bwino, kungoti chitsekereni geti mu Malichi sindinapondeko pamsewu. Madamu akuti wantchito akatuluka abweretsa matenda. Foni yanganso amaitsekera mu dirowa ya kuchipinda kwawo. Amandipatsa Lachisanu lokha, mphindi khumi, iwo ataima pomwepo. N'chifukwa chake ndimalemberatu papepala. Akangondipatsa ndimajambula pepalalo n'kutumiza msanga, kenako ndiye ndiwerenge zanu ngati nthawi yatsala. Ndikamva "khalas, Flora" ndiye kuti yapita mpaka sabata ina.

Tsono ndili ndi pempho. M'nyumba muno muli bambo awo a madamu, nkhalamba ya ku Jeremani. Anabwera kudzacheza, ndege zitaima anakanirira konkuno. Ine ndimangowatchula kuti abwana. Anali mphunzitsi, ndipo akulemba buku la mawu akale a makolo awo onena za mipanda ndi makola. Musaseke, buku lathunthu la makola! Amakhala pakhomo la khitchini tsiku lonse n'kumandifotokozera ndi Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve. Akuti mawu oti tauni, omwewa timatchulira Lilongwe, kalekale ankatanthauza mpanda basi, ndipo kwawoko mpanda mpaka lero amati tsauni. Akutinso ophunzira ambiri amaganiza kuti makolo awowo mawuwa anachita kubwereka kwa mtundu wina woyandikana nawo, umene unkamanga malinga pamapiri.

Ndinawauza za khola la malemu bambo athu, lija la mizati yophuka ndi nsungwi zoluka. Anaimirira, achimwene, mpaka ndodo inagwa. Akuti makolo awo ankaluka chomwecho ndi timitengo, koma iwo sanaonepo ndi maso khola lotero likugwira ntchito. Lathu linagwa kale, koma ndakumbukira la aPotiphar kwa Kafinya. Lilipobe? Mukawajambulire ndi foni ija. Akufuna adziwe kuti mizati ilipo ingati, kuzungulira ndi mapazi angati, ndipo makamaka chipata amatseka bwanji. Pa chithunzi chimodzi paime munthu kuti aone msinkhu wa mpanda.

Munthuyu ndi yekhayo m'nyumba muno amene amandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Ndichitireni chonde. Koma musalowe mkati, nkhunzi ya aPotiphar ija inagundapo munthu. Muonetsetsenso njoka m'nsungwimo. Ndipo musavale nsapato zanu zabwino, kuli ndowe.

Ndine mlongo wanu,
Flora


Kwa Mkanthama, Mitundu
19 Meyi 2020

Achemwali,

Moni wanu tinaulandira, malamulo anu makumi awiri aja tinawalandiranso. Amayi ali bwino. Akuti ndikuuzeni kuti chifuwa chinatha, koma chimene chidzawadwalitse ndi nkhawa zanu. Khumbo mimba yakula, akungolamula ali pamphasa ngati kapitawo wa kuesiteti.

Ntchito ya mzungu wanu ndagwira. Tinapita Loweruka ndi Khumbo pochokera kuchigayo. APotiphar sitinawapeze, anali kumaliro. Ndinati bola, chifukwa munthu uja mukumudziwa, ukamupempha moto amayamba wafunsa dzina la agogo ako. Ng'ombe zinali kudambo, choncho nkhunzi yanu ija sitinaonane nayo. Njoka nazo zinapereka moni, zikuti muli bwanji ku Dubai.

Lembani. Mizati ilipo 64, ndipo yambiri inaphuka, ili ndi masamba. Kuzungulira ndinaponda mapazi 52 a ine wamtali. Chipata ndiye nkhani. Pali mipiringidzo isanu yolowetsa m'mabowo a nsanamira ziwiri. Ndinayesa kukoka, sinasunthe. Ndinagwada, ndinafufuza, mpaka ndinapeza. Kuseri kwa nsanamira ya kumanzere, pansi penipeni, pali kachikhomo ka muwanga kopakidwa ndowe kuti kasaoneke. Ukazula kameneko mpiringidzo wapansi umatuluka, inayo n'kutsatira popanda ndi phokoso lomwe. Mdala uja ndi kachenjede! Ndakajambula pafupi, kenako ndinabwezera bwinobwino.

Khumbo ankangonditsina, amvekere, "Tiyeni tizipita, khola la mwini saliwerenga." Ndikudziwa, bambo ankanenanso zomwezo, kuti khola la mnzako umalionera patali, suliloza chala, sulizungulira. Koma ndinamuuza kuti ine ndawerenga mitengo, osati ng'ombe. Azimayi awiri a pamudzipo anali pamtondo. Ndinawapatsa moni, anayankha mmodzi yekha. Masiku ano anthu nkhope zili gwa, poti kutsidya kwa dambo kunabedwa ng'ombe zinayi mwezi watha. ARogers, wapampando wa apolisi a m'mudzi, akungoyenda ndi wenzulo m'khosi ngati lefali.

Zithunzi zilipo khumi ndi ziwiri. Foni inadzaza, ndiye ndafufuta makalata anu onse kuti zilowe. Musakwiye, ndinawaloweza pamtima, makamaka malamulo. Chomalizacho anandijambula Khumbo nditaima pachipata, dzanja lili pa mpiringidzo. Muwauze abwanawo kuti wokongolayo ndi ine, chinacho ndi mpanda.

Tiuzeni za kumeneko. Madamu akukudyetsani? Geti adzatsegula liti?

Wanu yemwe uja,
Kingston


Mitundu
2 Juni 2020

Achemwali,

Moni wanga ndi wachidule lero. Musadabwe nambalayi, ndi ya Kizito, mnzanga wokonza njinga pamsika. Ndabisala kwa iye. Foni yanga ili m'manja mwa aRogers. Musatumize chilichonse kumeneko.

Lamlungu m'mawa aPotiphar anapeza khola lili pululu. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri, ndi nkhunzi yomwe. Mpanda sunathyoledwe paliponse. Mipiringidzo anaipeza itasanjidwa pambali, chikhomo chili pamwamba pake. Azimayi a pamtondo aja anakumbukira.

Ine ndinali nditabwera kuno kudzagulitsa mtedza. Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, anthu opitirira makumi atatu, zibonga, zikwanje, mipini ya makasu. Anathyola chitseko chomwe chinali chosakhoma n'komwe. Khumbo anamukokera pabwalo ndi nsalu yake, anamuwomba mbama zitatu, mayi woyembekezera. Amayi anagwira mwendo wa mmodzi kuti apepese, anawakankha n'kugwera pa mafuwa, dzanja latupa mpaka m'chigongono. Chigafa anatentha pamodzi ndi fodya yense amene anatsala. Mbuzi zathu zitatu anazitema miyendo m'khola momwemo n'kuzisiya zikulira, akuti nanenso ndimve kuwawa. Amene anayamba kutema ndi Stephano, mwana wa mlongo wawo wa aPotiphar, yemwe uja tinkasewera naye mpira.

Foni inali pawindo, pa chaja ya sola. Atatsegula anapeza chipata, chikhomo, ine dzanja lili pa mpiringidzo, ndiponso kuti zonsezo zinapita ku nambala yakunja. Kalata yanu yopempha ija mulibe. Ndinafufuta ndi chala changa chomwe.

Akuti Loweruka likubwerali, pa 6, m'mawa, ndikaonekere pabwalo kwa Kafinya. Ndikapanda kupita akatentha nyumba ya amayi. Kizito akuti ndingodzipereka kupolisi ndikakhale m'manja mwa boma. Koma ine ndikakhala kumeneko, pakhomo pa amayi pakhala ndani?

Ndipita. Sindinabe. Koma mundithandize. Lachisanu akakupatsani foni, mzunguyo alankhule pa kanema, aonetse nkhope yake, buku lake ndi zithunzi zija, inu muzimasulira m'Chichewa. Mutumize kwa Kizito kuno. Akaona nkhalamba ya ndodo adzaseka, nkhani idzathera pomwepo.

Mwakhala chete masabata awiri. Chonde, achemwali, Lachisanu ili muyambe mwawerenga.

Kingston


Al Warqa, Dubai
4 Juni 2020

Achimwene,

Muli bwanji nonse kumudziko? Pepani ndakhala chete. Pa 22 paja ndinangokwanitsa kuwerenga kalata yanu, kulandira zithunzi n'kuwapatsira abwana, nthawi inatha. Sabata yathayi madamu anadzitsekera kuchipinda masiku khumi chifukwa mnzawo wa kuntchito anamupeza ndi korona, ndipo dirowa ija ili momwemo. Chakudya ndinkangowasiyira pakhomo. Mtima wanga unali m'mwamba, ndinkaganiza kuti kapena amayi adwala, kapena alamu achira nthawi isanakwane, ine osadziwa. Ndalemba lero Lachinayi kuti mawa ndingotumiza.

Abwana akondwa kwambiri ndi ntchito imene munagwira kwa aPotiphar. Akuti za chikhomo zija ndiye zawathandiza koposa, popanda inu sakanadziwa. Akuti mupitenso kumakola ena, a nkhosa ngakhale a nkhumba, mukaone m'mene eni ake amatsekera. Gawo lanu lilipo, akonza kale. Koma musauze anthu, nsanje ya kwathu mukuidziwa.

Ndikuululireni pang'ono, ndi nsapato zachikopa ndi foni yosadzaza msanga. Zithunzi zanu anazisindikiza pa makina a madamu n'kuzimata pakhoma la chipinda chawo, chanu chija pakati. Amachiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, amawerenga m'mene nsungwi zikupitira, ina pamwamba ina pansi. Za njoka zopereka moni zija ndinawamasulira, anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuyamba kuopa kuti ndi korona.

Dzulo anandiuza kuti mawu oti paki, kumene anthu amakapuma pa kapinga, poyamba anali malo otsekeramo ziweto, ndipo kwawo mawu a mtundu womwewo akadali khola la nkhosa. Yadi ndi galadeni akutinso ndi pachibale, zonse ndi malo otchinga. Ndinawafunsa kuti nanga anthu akalewo ankaopa chiyani kuti akhale ndi mawu ambirimbiri a mipanda? Anati mimbulu pang'ono, koma makamaka anansi.

Achimwene, pachithunzipa mwaonda. Mukudya? Ndipo nsapato mwavalazo ndi zomwe ndinakuletsani zija, musaganize kuti sindinaone. Alamu asamanyamule za kuchigayo ndi mimba imeneyo. Kuzizira kwayamba kumeneko, amayi ali ndi juzi? Kuno kunja kukutentha ngati m'ng'anjo, mbalame zomwe zikungoyasamula pa mpanda.

Ndiyankheni zonsezi, musadumphe.

Mlongo wanu,
Flora


Al Warqa, Dubai
6 Juni 2020

AKizito, chonde thamangani nayo kalatayi ndi kanemayu kwa achimwene anga.

Achimwene, ndalakwa. Dzulo ndinachita monga mwa masiku onse, ndinayamba ndatumiza ku nambala yanu. Ndinaona timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, ndinati mwawerenga. Kenako ndinaona nambala yachilendo. Ndinangofika pamene munalemba za Loweruka, madamu n'kuti khalas. Ndinaikanirira foni. Anandipotokola dzanja. Ndinagwada, ndinayesa kufotokoza, koma Chingerezi chinandithawa, ndinkangoti mlongo wanga, mlongo wanga. Anati nonse mumatero, lero mlongo mawa amayi. Anakhoma dirowa, anandikankhira pamasitepe n'kukhomanso chitseko cha kumtunda. Abwana anali chigonere kumtunda komweko, mutu ukuwapweteka. Ndinagogoda mpaka zala zinatupa, palibe anatsegula.

Lero m'mawa atatsegula kuti ndikakolope, ndinabisa m'ndowa kamunsi kachitsulo kotibulira adyo. Madamu atalowa m'bafa ndinamenya dirowa ija mpaka thabwa linang'ambika. Galasi la pamwamba linasweka n'kundicheka pachikhatho, madontho mukuwaona papepalawa ndi amenewo. Madamu anatuluka ndi thaulo, anandimenya kumaso kawiri ndi makina owumitsira tsitsi, dzino limodzi likugwedera. Ankakuwa kuti wakuba, wakuba, aitana apolisi. Foni sindinaisiye. Ndinaigonera pamimba, iwo akundiponda kumsana. Abwana anabwera ndi ndodo yawo n'kuima pakati pathu. Anakalipa m'chinenero chawo mawu amene sindinawamve, madamu anakhala pansi pabedi.

Ndawamasulira kalata yanu yonse. Anati tijambule nthawi yomweyo. Kanema tajambula katatu chifukwa ndimalira pomasulira. Muli nkhope yawo, buku lawo, khoma la zithunzi, zonse zimene munanena. Ndatumizanso ku foni ili ndi aRogers koma mzere ndi umodzi, sizikulowa.

Kuno ndi 12 koloko, kwanuko ndi 10. Musapite kubwaloko musanalandire kanemayu. Ngati apita kale, aKizito, kwerani njinga, ndagwira mwendo wanu. Muwauze anthuwo kuti kalata ya dzulo ndinalemba ine Flora, mwana wa malemu aja amene ankawathandiza kufula ng'ombe zawo. Awerenge yonse mpaka pansi.

Ndiyankheni, ngakhale liwu limodzi. Foni ili m'manja mwanga, palibe andilandenso.

Flora


Kwa Mkanthama, Mitundu
10 Juni 2020

Alamu,

Ndine Khumbo. Moni ndilibe. AKizito anakuuzani kale kuti tinaika Lolemba. Mwapempha kuti wina akuuzeni zonse osabisa. Ndikuuzani ine, poti ndinalipo.

Achimwene anu anavala shati yoyera ya kutchalitchi ija. Panjira ankandiseka kuti ndikuyenda ngati bakha. Anati kanema afika basi, achemwali sanandigwiritsepo fuwa la moto. AKizito anali nafe, foni ili m'manja, koma kwa Kafinya netiweki imagwira pa chulu cha kusukulu pokha.

Poyamba zinkayenda. Anafotokoza za mzungu ndi buku lake, anthu ena anaseka. APotiphar omwe anafunsa kuti ndi mzungu wanji wofuna khola osafuna ng'ombe. Mumtima ndinati tapulumuka. Ndiye aRogers anatulutsa foni ija n'kunena kuti, "Dzulo bwana wake walemba." Anawerenga mokweza. Abwana akondwa ndi ntchito imene munagwira kwa aPotiphar. Za chikhomo zawathandiza. Mupitenso kumakola ena. Gawo lanu lilipo. Musauze anthu. Anaima pomwepo.

Achimwene anu anakuwa, "Pitirizani! Achemwali anga salemba mizere isanu, werengani yonse!" Stephano anati, "Tamva zokwanira," n'kuwamenya ndi chibonga pakamwa. Foni anailanda kwa aRogers, anaiphwanya ndi mwala mpaka zidutswa.

Akuluakulu a bwalo anaimirira kuti aletse, palibe anawamva. Achimwene anu anthu anawakoka miyendo, mutu ukugunda pansi, mpaka kukhola. Anawamangirira ndi luzi pa nsanamira ya kumanzere ija. Anazula mipiringidzo. Alamu, mitengo ija ndi yolemera, umodzi ankanyamula awiri. Woyamba unathyola mwendo, ndinaumva kulira ngati nkhuni youma. Ankafunsa kuti ng'ombe zili kuti. Iwo akati sindidziwa, amenye, afunsenso. Azimayi ankaponya miyala, ena mwa iwo ndimaimba nawo kwaya imodzi. Ndinadziponya pamwamba pawo, anandichotsa ngati thumba la madeya. Wina anabwera ndi teyala ndi botolo la petulo. APotiphar ndi amene anakana. Anati, "Musanditenthere khola." Khola, alamu.

Mawu omaliza amene ndinawamva anali akuti, "Kizito, kwera pachulu." AKizito anathamanga. Pobwera anali atakweza foni m'mwamba, mzungu akulankhula, inu pambali pake diso litatupa, mukulira. Anthu anaunjikana kuti aone. Anaonera mpaka kumapeto, ena kawiri. Kenako anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense kuyang'ana kwake. Mipiringidzo anangoisiya pansi pomwepo.

Tinawamasula ine ndi aKizito. Luzi linali litalowa m'nyama, tinachita kudula ndi lumo. Anatsirizika pa ngolo ya abulu, mutu uli pamiyendo panga, tisanafike pamsewu waukulu. Nsapato imodzi sitinaipeze.

Amayi sakulankhula ndi munthu. Mwana akugundabe m'mimba. Mlandu sindikukuimbani, foni yojambulira ndinagwira ndine. Koma musandifunse kaye ngati ndikudya.

Khumbo


Kwa Mkanthama, Mitundu
2 Julayi 2020

Alamu,

Muli bwanji? Foni muli nayo tsopano koma simulemba. AKizito akuti mauthenga mukuwerenga. Kale tinkadandaula kuti mafunso anu ndi ochuluka, lero amayi amayang'ana kunjira akamva belu la njinga.

Ng'ombe zinayi mwa za aPotiphar zija zapezeka kwa munthu wina wopha nyama, ndipo iye watchula Stephano. Chikhomo chija ankachidziwa kuyambira kale, anakulira pakhomopo. Anaona achimwene anu akujambula, anadikira masabata awiri. Apolisi atenga Stephanoyo, aRogers ndi ena asanu ndi mmodzi. A kwaya aja sakubwera kutchalitchi.

Lachiwiri aPotiphar anabwera okha, opanda nsapato, akukoka ng'ombe yaikazi ya bere, imodzi mwa zopezeka zija. Anakhala padothi patali ndi khonde, chipewa chili m'manja. Anapereka moni katatu, amayi anangowayang'ana. Kenako anaimangirira pa mtengo wa mango n'kumapita. Ili pomwepo mpaka lero. Khola la ng'ombe tilibe, womanga palibe, ndipo ine sindifuna kuona mpiringidzo pakhomo pano.

Ndachira pa 27, mwana wamwamuna, wamtali miyendo. Amayi alankhula koyamba tsiku limenelo. Akuti dzina atche azakhali ake, ndiye tikudikira inu.

Ndili ndi pempho limodzi. Zithunzi zathu zonse zinali m'foni ija, ndipo chitupa chawo chinatayika tsiku lomwe lija. Nkhope yawo yatsala pamalo amodzi basi, pa chithunzi chimene ndinajambula ine. Chili kwa inu. Ndikudziwa pamene aima. Tumizani chomwecho, mwanayu adzafuna kuona.

Mlamu wanu,
Khumbo


Al Warqa, Dubai
10 Julayi 2020

Mlamu wanga,

Ndalandira. Muli bwanji inu ndi mwanayo? Nanga amayi, dzanja lija linaphwa? Ndinkayamba kalata tsiku lililonse n'kung'amba. Achimwene ndinawachenjeza za nkhunzi, za njoka, za nsapato. Za anthu sindinanene. Mwambo wa bambo wa khola la mwini ndinkaudziwa ngati iwo, koma ndinkafuna nkhalamba ija isekerere.

Abwana anyamuka Lachitatu, ndege za kwawo zayamba. Masiku onsewa sanatchulenso mawu akale ngakhale amodzi. Mapepala onena za khola la kwathu anawachotsa m'buku, anang'amba ine ndikuona. Anandifunsa kuti achite chiyani. Ndinati sindidziwa bwana, ine ndinalekera sitandade 4. Pasipoti yanga anailanda kwa madamu n'kundipatsa m'manja, ndipo za ulendo akonza. Bwalo la ndege la kwathu likangotsegulidwa ndikubwera. Madamu sitilankhulana. Dirowa ija ikadali yong'ambika, ndimaipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Ng'ombeyo musaibweze ndipo musaiphe, mwana adzafuna mkaka. Muiwonjezere chingwe kuti izifika pamthunzi. Za khola tidzaona ndikabwera.

Chithunzi chija abwana anachichotsa pakhoma n'kundisiyira. Ndinawapempha kuti adule khola lichoke, atsale achimwene okha. Anayesa pa kompyuta, anasindikiza china n'kuyesa ndi sizasi. Sizikutheka, mlamu. Mpanda uli kumbuyo kwawo konse, ndipo dzanja lili pa mpiringidzo. Ukadula mtengo, wadula dzanja. Ndiye ndatumiza chonse m'mene munajambulira. Akuseka. Muonetsetse bwino, sakuyang'ana khola, akuyang'ana inu.

Mwanayo muzimufunditsa, Julayi ndi woipa. Alendo asamamupsompsone, ndipo asambe m'manja asanamunyamule, ngakhale abusa.

Dzina ndili nalo, koma sindilemba. Ndidzanena ndi pakamwa panga nditamunyamula, kuti wina asadzawerenge theka.

Mlamu wanu,
Flora